Mlendo Wamantha M'khola la Mbira

   Inu ana amene mwangofika kumene kuchokera komweta udzu wa mbira zanu, senderani pafupi, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu.

Lero tikamba za mbira. Sindikunena mbira ya kuphiri, ija imaothera dzuwa pamiyala, ayi. Ndikunena mbira ya pakhomo, ija imalira kuti kwii, kwii, ikangomva jumbo ikukhwekhwereza. Funso lathu ndi limodzi. Mwalandira mbira yamantha, yomwe yaona zoopsa kumene yachokera. Pakhomo panu pali kale mbira zina. Kodi mungaziphatikize bwanji popanda kukhetsa magazi?

Ndiyambe ndi ya kwathu.

Inabwera pa njinga ya mlamu wanga, ili m'katoni ya sopo. Kumene inachokera, galu analowa m'khola usiku n'kupha zinzake zonse. Iyo yokha inapulumuka chifukwa inadzipanikiza kuseri kwa njerwa. Eni ake anagwa mphwayi. Anaisiya m'katoni muja pakona ya khitchini kwa masabata angapo, yokhayokha, ana n'kumaitulutsa kuiseweretsa ngati chidole.

Nditatsegula katoni ija, ndinapeza kanyama kofiirira kali phee pakona, maso ali tong'o. Nditapisa dzanja pansi pa chifuwa chake, mtima unkagunda ngati ufuna kutuluka. Nthiti zinkachita kuwerengeka ndi zala. Tsiku lonselo sikanalire ngakhale kamodzi, ndipo ana anga anakatcha dzina loti Chete.

Chifundo chinandifulumizitsa. Ndinati kameneka kavutika ndi kusungulumwa, ndikaike msanga kwa anzake. Madzulo omwewo ndinamulowetsa Chete m'khola momwe munali mbira zanga ziwiri zazikazi, yaikulu yotchedwa Mfumukazi ndi yaing'ono yotchedwa Mbuliuli. Sipanathe mphindi zisanu. Mfumukazi anamuthamangitsira m'kanyumba ka khomo limodzi, n'kumutsekereza momwemo. Kulira kumene ndinamva sindidzakuiwala. Khutu la Chete linang'ambika, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero. Wolakwa sanali Mfumukazi. Wolakwa ndinali ine.

Tsono tiyeni tifunse kaye. N'chifukwa chiyani mbira ili ndi mantha chonchi?

Taiyang'anani. Ilibe nyanga. Ilibe zikhadabo zomenyera nkhondo. Mtengo siingakwere. Kwawo kwenikweni kwa mbira ndi ku South America, m'mapiri a Andes, kumayiko monga Peru, Bolivia ndi Ecuador. Anthu a kumeneko anayamba kuiweta zaka masauzande zapitazo. Amaitcha cuy, ndipo mpaka lero ambiri amaisunga m'khitchini, pafupi ndi moto, monga momwe ena a ife timachitira kuno. Makolo ake a kutchire ankakhala m'maudzu, m'timagulu, akusakidwa ndi mbalame zolusa kumwamba ndi zilombo pansi. Chida chawo chinali chimodzi chokha, mantha. Kukachita phokoso, amauma gwa ngati mwala, kapena amathawira kobisala.

Ndiye inu mukabwera ndi dzanja kuchokera kumwamba, mbira siona dzanja la mbuye wake. Imaona kabawi.

Koma pagulu maso amakhala ambiri. Ina ikamadya, ina ikumvetsera. Ina ikagona, ina ili tcheru. Mbira yokhala yokha ilibe mnzake wolandizana naye ulonda, ndipo imakhala mtima uli m'mwamba usana ndi usiku. Ku Switzerland anaiona nkhani imeneyi kukhala yaikulu, mwakuti kuyambira mu 2008 lamulo la kumeneko silola munthu kusunga mbira imodzi yokha.

Apa ndiye pagona nkhani yathu, omvera. Mantha a mbira amachotsedwa ndi mbira inzake. Ndibwereze. Mantha a mbira amachotsedwa ndi mbira inzake. Inu ndi ine ndife ankhoswe chabe.

Ntchito ya nkhoswe mukuidziwa. Nkhoswe imafufuza kaye za mbali zonse ziwiri. Imakonza malo okumanirana. Imakhala pompo mpaka nkhani itatheka. Koma siithamangira m'nyumba ya eni nthawi iliyonse mawu akakwera. Imadziwa kusiyanitsa mkangano wa m'banja ndi ndewu. Ndi mmenenso zilili ndi mbira.

Tiyeni tsopano tiyende nayo ntchitoyi kuyambira pachiyambi, monga momwe ine ndinayambiranso khutu la Chete litapola.

Choyamba, mlendo agone payekha. Masabata awiri kapena atatu, m'chipinda china, kutali ndi zinzake. Mwina wina akuti, si mwangonena kumene kuti kukhala yokha kumaivutitsa? Inde. Koma paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbira imabisa matenda, chifukwa kutchire yooneka yofooka ndi imene imayamba kugwidwa. Ikhoza kuoneka bwinobwino koma itanyamula mphere, nsabwe, chipere kapena chibayo. Masiku amenewa muziiyang'anitsitsa. Kodi ikudzikanda kosalekeza? Kodi ubweya ukuthothoka? Mphuno ndi maso zikuchucha? Ikamapuma mukumva kuliralira m'chifuwa? Mukaona chimodzi mwa izi, pitani nayo kwa a vetenale isanakumane ndi zinzake. Chipere cha mbira chimagwiranso anthu, makamaka ana, choncho sambani m'manja ndi sopo mukaigwira. Podyetsa, yambani ndi mbira zanu zakale, mlendo amalizire.

Ndipo mvetsetsani ichi. Mbira ikangosiya kudya kwa tsiku lathunthu, imeneyo ndi ngozi. M'mimba mwake mumayenera kumayenda chakudya nthawi zonse. Musadikire mawa.

Masabata omwewa ndi nthawi yoti mlendo ayambe kukuzolowerani. Mpatseni pobisala. Kakatoni koboola ndi kokwanira. Pamwamba pa khola lake phimbanipo mbali imodzi ndi chitenje chakale, kuti asamaone ngati ali pamtetete. Mukafika, musaime chilili pamwamba pake. Khalani pansi. Lankhulani motsitsa mawu, zilizonse, ngakhale za mitengo ya feteleza, bola azolowere liwu lanu. Musamuthamangitse ndi manja m'khola. Ngati n'kofunika kumunyamula, mulowetseni m'kakatoni, kapena dzanja lina pansi pa chifuwa, lina litachirikiza kumbuyo.

Ine ndinkakhala pansi madzulo aliwonse, tsamba la chisoso lili m'manja, dzanja nditaligoneka pa udzu. Masiku oyamba, zii. Chete ankadya usiku wokha, anthu tonse titagona. Kenaka tsiku lina ndinaona kamphuno katulukira pa khomo la katoni, kakununkhiza. Kanabwerera. Kanatulukiranso. Thupi lonse linatsalira m'kati, khosi lokha n'kumatalika, kumatalika, mpaka mano anafika pa tsamba lija. Analitsomphola n'kuthawira nalo m'kati. Ndinamva kutafuna mu mdima muja. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ndinavomereza.

Za chakudya ndingodutsamo mwachangu. Udzu usasowe, wauwisi ndi wouma, chifukwa mano a mbira amakula moyo wake wonse ndipo udzu ndi umene umawaperesa. Mbira ili ngati ife anthu, thupi lake silipanga lokha vitamini C, ndiye imafuna masamba obiriwira tsiku lililonse, ndi kachidutswa ka gwafa mwa apo ndi apo. Masamba a mbatatesi, anyezi ndi mapeyala musaipatse. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse.

Tabwera pa chachiwiri. Dziwani kuti mlendoyo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Musangokhulupirira zomwe wakupatsaniyo wanena. Itembenuzeni bwinobwino, msana utatsamira pachifuwa panu. Pa yaikazi, kumaliseche kumaoneka ngati chilembo cha Y. Pa yaimuna, mukasindikiza pang'ono ndi chala kumtunda kwa maliseche, chiwalo chimatulukira.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira pamenepa? Mbira yaikazi imatha kutenga bere ili ndi mwezi umodzi wokha. Bere lake limatenga miyezi iwiri ndi masiku owerengeka, ndipo ikangoswa imatha kutenganso lina tsiku lomwelo. Ndiye taganizirani mbira yowonda, yamantha, nthiti zili panja, mwaiika kwa mphongo. Idzanyamula bere thupi lisanabwerere. Komanso yaikazi yomwe yakula isanaswepo, mafupa ake a m'chiuno amalimba, ndipo kuswa koyamba kumatha kuipha. Mlendo wamkazi ayambe wakhala ndi zazikazi zinzake.

Nanga zazimuna? Paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Mphongo ziwiri pamaso pa zazikazi zimamenyana mpaka kuvulazana. Mphongo ziwiri pazokha, popanda yaikazi pafupi, zimatha kugwirizana malo akakhala otakasuka, makamaka ina ikakhala yaikulu, ina kamwana. Koma gulu limene limakhala mwamtendere kawirikawiri ndi la zazikazi zokhazokha, kapena zazikazi ndi mphongo imodzi.

Ena amati, mbira inzake ndilibe koma ndili ndi kalulu, ndingoziika pamodzi. Chonde musatero. Kalulu akangoponya mwendo wakumbuyo kamodzi akhoza kuthyola mbira msana. Amathanso kunyamula tizilombo toyambitsa chibayo kwa mbira, mwiniwake ali bwinobwino. Ndipo chiyankhulo chawo n'chosiyana. Kalulu sangachotse mantha a mbira.

Chachitatu tsopano, kununkhizana. Amayi, mukagula nkhuku yatsopano kumsika mumatani? Si mumaimangirira kaye mwendo ndi luzi pafupi ndi khola, kwa masiku angapo, kuti izolowere pakhomo ndipo zinzake ziione? Nzeru yake ndi yomweyo. Sendezani khola la mlendo pafupi ndi la eni khomo, pakati pakhale waya. Azionana, azimvana, azinunkhizana, koma osakhudzana ndi mano. Mukhoza kutapako udzu wogonera wa uku n'kuika uko, wa uko n'kuika uku, kuti fungo lisakhale lachilendo.

Alipo oweta ena amene amadumpha gawo ili, amangopita kokumanitsa. Kwa mbira yolimba mtima zimatheka. Koma kwa yamantha, ine ndimati musadumphe. Chifukwa ndi pa waya pamenepa pomwe ndinaona Chete akusintha. Ndikabwera ndi udzu, Mfumukazi ndi Mbuliuli ankathamangira kutsogolo akulira kwii, kwii, n'kuyamba kudya ine ndili pomwepo. Chete ankasuzumira. Ankaona kuti anzake akudya masana, munthu ali chiimire, ndipo palibe chimene chawagwira. Patapita masiku atatu, nayenso anatuluka n'kuyamba kudya, atatsamira waya. Zimene ine ndinalephera kumuuza kwa masabata atatu, anzake anamuuza osatsegula n'komwe pakamwa.

Komabe musanyengeke. Mbira ikagona motsamira waya moyang'anana ndi inzake, nthawi zina si chikondi. Imakhala ikunena kuti malire anga ndi ano. Ndiye musathamangire kuchotsa waya uja n'kunena kuti zatheka.

Tafika pa tsiku lalikulu, tsiku lokumana. Pano ndichedwapo, chifukwa ambiri timalakwitsa pomwepa.

Malo okumanirana asakhale khola la eni khomo. Asakhalenso khola la mlendo. Akhale malo opanda mwini, omwe palibe mbira inasiyapo fungo. Paja mlandu sakambira m'nyumba ya mmodzi wa okangana, amapita nawo pabwalo. Pabalaza pakhoza kuchita, kapena chipinda chosesa bwino. Yalani masaka oyera kuti zisaterereke pa simenti. Tchingani m'mbali ndi matabwa kapena njerwa, koma malo akhale aakulu, oti yothamangitsidwa ikhale ndi kothawira. Pakati unjikani mulu waukulu wa udzu wauwisi. Kanyumba ka khomo limodzi kasapezeke pamenepo. Ndibwereze, chifukwa khutu la Chete linang'ambikira m'kanyumba kotero. Kanyumba ka khomo limodzi kasapezeke pamenepo. Ngati mukufuna pobisala, dulani katoni mbali zonse ziwiri, kuti yolowa uku itulukire uko.

Sankhani tsiku limene mulipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Yambani kukadali kozizira, makamaka m'miyezi yotentha ngati Okutobala, chifukwa mbira siipirira kutentha ndipo kuthamangitsana kumaitopetsa. Galu ndi mphaka atsekeredwe kunja. Ana akhale pansi, chete. Pambali panu ikani thaulo ndi lichero. Ndipo tsiku limeneli musatume mwana kuti akuyang'anireni inu muli ku msika. Paja nthano imati mbira ya kuphiri ija idasowa mchira chifukwa chotuma ena. Nkhoswe ikhalepo yokha.

Ziikeni pansi zonse nthawi imodzi, motalikirana. Kenaka manja kumbuyo.

Tsono mudzaona zotani? Mudzaona zikununkhizana kumbuyo ndi kukamwa. Mudzamva ina ikulira chapansipansi, drrr, ngati njinga yamoto ikumveka patali, uku ikuyenda pang'onopang'ono ikugwedeza matako. Mudzaona ziwiri zitayang'anana, iliyonse ikukweza chibwano kufuna kuposa inzake. Mudzaona ina ikukwera inzake pamsana, ngakhale zonse zili zazikazi. Kuthamangitsana kudzakhalapo. Mwina ina idzajompha inzake n'kutsala ndi tiubweya pakamwa. Mwina ina idzathira inzake mkodzo kumaso. Zonsezi si ndewu. Akukambirana za ukulu. Gulu lililonse la mbira limakhala ndi wamkulu ndi womutsatira, ndipo mlendo ayenera kuuzidwa mpando wake.

Apa ndiye pamene mtima wa nkhoswe umayesedwa. Mbira yamantha imalira kwambiri. Imakuwa ngati ikuphedwa, pamene inzakeyo sinaikhudze n'komwe. Kulira kumeneko tanthauzo lake n'lakuti, ndagonja, akulu ndinu. Ndi mawu amene wamkuluyo akufuna kumva. Inu mukailanditsa pamenepo, mwadula nkhani pakati. Mawa mukazikumanitsanso, ziyambiranso pachiyambi. Mkuja chimodzimodzi. Kukumanitsa kwa mphindi khumi lero, mphindi khumi mawa, kumangoitalikitsira mavuto mbira yamantha ija. Mukayamba, zisiyeni zimalize.

Kwathu zinayenda motere. Woyamba kufika kwa Chete anali Mbuliuli, mwana uja. Anamununkhiza, n'kuyamba kudya udzu pambali pake ngati adziwana kalekale. Kenaka Mfumukazi ananyamuka. Drrr, drrr, matako uku ndi uku, akuzungulira. Chete anauma gwa. Mfumukazi anamukwera pamsana, ndipo Chete anakuwa mokweza kwambiri, mwakuti mwana wanga wamkazi anandigwira mkono misozi ili m'maso.

“Ababa, amupha! Mchotseni!”

Ndinati, “Dikira, mwanangu. Tayang'ana, pali magazi?”

Anayang'anitsitsa. “Palibe.”

“Akumuluma?”

“Ayi, angomukwera.”

“Ndiye tikhale pansi.”

Kunena zoona, nanenso manja ankandiyabwa. Ndinali nditaona kale khutu lija likuchucha magazi. Koma tinakhala. Mfumukazi anamukwera kachiwiri, kachitatu, n'kumuthamangitsa kuzungulira mulu wa udzu. Chete analowa m'katoni n'kutulukira mbali ina. Patapita nthawi, Mfumukazi anatopa nazo. Anakhala pansi n'kuyamba kudzisambitsa kumaso ndi timiyendo takutsogolo. Chete, ali poteropo, nayenso anayamba kudzisambitsa. Omvera, mukaona mbira ziwiri zikudzisambitsa nthawi imodzi moyandikana, dziwani kuti mitima yayamba kutsika. Dzuwa lili pamutu, zonse zitatu zinali zitagona, iliyonse pamalo pake. Ine sindinafulumire. Ndinadikira kuti zidzuke, chifukwa nthawi zina mkangano umabukanso pambuyo pa tulo. Zinadzuka, n'kupita pa mulu umodzi kukadya.

Nanga ndewu yeniyeni imaoneka bwanji? Tcherani khutu. Kukukuta mano kwamphamvu, kosalekeza, zonse ziwiri zikuyankhana. Ubweya wa pakhosi utaima. Kuyasamula koonetsa mano. Ziwiri zitayang'anana, palibe yofuna kubwerera m'mbuyo. Mukaona zimenezi, gwirani lichero m'manja. Zikangolumphirana n'kusanduka mpira umodzi wogubuduzika, ponyani thaulo pamwamba pawo, lowetsani lichero pakati. Dzanja lanu lisalowepo. Mbira yomwe sinakulumenipo chibadwire, pa ndewu siona kuti ili ndi dzanja la ndani, ndipo mano ake amalowa mozama.

Magazi akatuluka chifukwa cholumana mwaukali, zilekanitseni. Tsukani bala ndi madzi owiritsa, ozizira, othira mchere pang'ono, ndipo ngati ndi lakuya pitani kwa a vetenale. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wanga wonse. Musatsegule kapisozi wa amoxicillin kapena penicillin wotsala m'nyumba n'kuipatsa mbira. Mankhwala amenewa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, ndipo mbira ikhoza kufa ndi mankhwalawo, bala lisanaiphe. Mankhwala a mbira alembedwe ndi wodziwa za ziweto.

Tiyerekeze kuti zayenda bwino. Zadya pamodzi, zagona, zadzuka mwamtendere. Kodi tingozinyamula n'kukaziika m'khola lakale lija? Ayi, dikirani. Khola lija likununkhabe eni ake. Chotsani zogonera zonse. Tsukani ndi madzi osakaniza viniga, liume. Sinthani kaikidwe ka zinthu m'katimo, kuti ngakhale mwini khola alowe ngati mlendo. Pansi pakhale pouma ndi pofewa, osati pa waya, chifukwa waya amatupitsa mapazi a mbira. Tinyumba tikhale tokwanira iliyonse kake, ndipo tonse ta makomo awiri. Chakudya muziika milu iwiri kapena itatu motalikirana, madzinso malo awiri. Wamkulu sangalondere milu yonse nthawi imodzi.

Chifukwa pali nkhanza ina yopanda magazi, ndipo imagwera mbira zamantha. Mlendo salumidwa, koma akangoyandikira chakudya amapirikitsidwa. Amakhala pakona tsiku lonse, nkhope kukhoma. Inu mukaona bata mumati zikugwirizana, pamene mlendoyo akutha ndi njala. Ndiye masabata awiri oyamba muziona ndi maso anu kuti mlendo akudya. Ngati muli ndi sikelo ya kukhitchini, muziiyeza sabata iliyonse. Ngati mulibe, manja anu akuuzani. Muzipapasanso pamsana ndi kumbuyo, kufufuza tizilonda tobisika mu ubweya.

Timikangano tating'ono tipitirira kwa masabata ngati awiri, mpaka aliyense atadziwa mpando wake. Zazikazi zimathanso kuvutitsana pakapita masiku pafupifupi 16 aliwonse, ina ikafika pa nyengo yofuna mphongo. Tsiku limodzi kapena awiri, zimatha zokha. Musazilekanitse chifukwa cha zimenezo.

Ndinenenso ichi mosabisa. Si mbira zonse zimene zimagwirizana. Nazonso zili ndi mitima yosiyana, ngati anthu. Mukayesa bwinobwino koma n'kulumana mpaka magazi, musakakamize. Zibwezereni kokhala moyandikana, waya ali pakati. Zizionana, zizimvana, zizidya nthawi imodzi. Pamenepo mlendo uja sali yekha, ndipo khutu lake lili bwino.

Mwina mukufunsa kuti Chete ali bwanji lero. Mantha onse sanathe. Chithunzithunzi cha khwangwala chikadutsa, woyamba kulowa m'kanyumba ndi iye. Kunyamulidwa sakonda, ndipo ife tinasiya kumukakamiza. Koma nthiti zija sizionekanso. Akamayenda m'khola amayenda pamzere, Mfumukazi patsogolo, Mbuliuli pakati, iye pambuyo, mphuno pafupi ndi mnzake.

Madzulo ena, patatha mwezi chikumanirane, ndinabwera ndi thumba la udzu wongomweta kumene kudambo. Mbuliuli anayamba zake zija zimene anatengera dzina, kudumpha m'mwamba n'kudzipotokola ngati chimanga chikuphulika m'chiwaya. Mbira zimatero zikakondwa. Ndikukhuthula udzu uja, mwana wanga anandikoka malaya.

“Ababa, taonani Chete!”

Anadumpha kamodzi, pang'ono chabe, ngati wadzidzimuka yekha. Anaima. Anadumphanso. Kenaka anakweza mutu, khutu long'ambika lija likugwedera, n'kulira kuti kwii, kwii, kwii, mokweza kuposa anzake onse.

Nthawi yathu yathera pamenepa, omvera. Ana inu, musaiwale kuthira madzi m'khola musanagone, ndipo chitseko chake mutseke bwino, agalu akuyenda usiku.